Kapinga wa pulasitiki pabwalo la atsikana athu: ndiwavomere alongo anga?

Mphunzitsi wa ku Bembeke

Moni nonse. Paja amati safunsa adadya phula, ndiye ndati ndifunse kaye ndisanayankhe munthu amene akudikira mawu anga.

Ndimaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale kumtunda kuno ku Dedza, mbali ya ku Bembeke, ndipo timu ya atsikana ya ntchemberembaye ili m'manja mwanga. Bwalo lathu lili kumunsi kwa buloko ya sitandade 5, pomwe kale padali dimba la aphunzitsi. Dothi lake ndi katondo. Mizere timalemba ndi phulusa lomwe atsikana amakapala kukhitchini yophikira phala, zigoli ndi mitengo ya bulugama, mikombero yake adatipindira wowotcherera wa pamsika.

Mvula ikayamba, madzi otsika padenga la buloko ija ndi ena ochokera kumtunda amadzera pakati penipeni pa bwalolo. Pofika Januwale pamakhala kangalande koti phazi la mwana limalowa mpaka m'kakolo, ndipo katondo akanyowa mukumudziwa, amaterera ngati therere. Choncho teremu yachiwiri yonse sitisewera. Mu Juni ndi Julaye nkhungu imachedwa kuchoka, pansi pamakhala chinyontho mpaka dzuwa litakwera. Ikafika Seputembala ndi fumbi lokhalokha, timiyala tomwe mvula idafukula tili poyera.

Mu Okutobala chaka chatha mtsikana wanga wogoletsa, wa sitandade 7, wamtali kuposa anzake onse, adalumpha kuti awakhe mpira n'kutera ndi bondo pamwala. Lidang'ambika kwambiri. Ndidamumanga ndi chitenje changa, tidamukweza pakabaza kupita naye kuchipatala, adakamusoka. Bala lidapola, koma mayi ake adanenetsa kuti mwana wawo asadzapondenso pabwalopo. Masana anzake akamasewera iye amaima pakhonde la kalasi, chikwama kumsana, kumangoonerera. Zimandiwawa, chifukwa dzanja la mwana ameneyu siliphonya.

Alongo anga ali ku Johannesburg, atha zaka zambiri kumeneko. Nditawatumizira chithunzi cha bondolo pa WhatsApp adandiimbira usiku womwewo. Akuti masukulu ena kumeneko adayala kapinga wa pulasitiki, ndipo akufuna kutigulira n'kutumiza pa thiraki zomwe zimadzera ku Tete kudzatulukira pachipata cha Dedza. Mawu awo ndi akuti, "Mlongo, n'kungosalaza pansi, kuyala ngati mkeka, basi ana ayambe kusewera." Ndalamazo ndi zomwe akhala akusunga kuti adzamalizire nyumba yawo kumudzi, ndiye ngati chinthucho chidzawonongeke pakatha zaka ziwiri ndidzasowa pobisa nkhope.

Amene mudayalako kapena kusewerapo, ndiuzeni zoona. Kodi n'zoona kuti n'kungoyala? Pakatondo wotsetsereka ngati wathuyu, mvula ya kuno siingakokolole pansi pake? Nanga amakhala zaka zingati? Aphunzitsi aakulu akuti tilandire msanga mwayi usatidutse, koma ine mtima sukukhazikika.

Mmisiri wa ku Ntcheu

Aphunzitsi, pepani ndi mwana uja. Ine ndine womanga, ndimakhala pa boma la Ntcheu. Ntchito imeneyi ndaigwirako kawiri: koyamba ku Lilongwe pansi pa kapitawo wina, tikukonza kabwalo ka mpira wa anthu asanu mbali iliyonse, kachiwiri ndekha kuseri kwa nyumba ya munthu. Alongo anuwo ali ndi mtima wabwino, koma adangoona pamwamba. Kuyala kapeti kudatitengera masiku ochepa. Masabata onse adathera pansi pomwe maso saona.

Tiyambe ndi muyeso. Bwalo la ntchemberembaye ndi mamita 30.5 m'litali, 15.25 m'lifupi, kutanthauza masikweya mita 465. Koma simungathere kapeti pamzere penipeni, mwana wothamanga akapunthwa m'mphepete. Malamulo a masewerowa amafuna malo ena a mamita 3.05 kuzungulira, ndiye zonse zimafika pa 36.6 ndi 21.35, pafupifupi masikweya mita 780. Alongo anu akamafunsa mtengo atchule nambala imeneyi, osati 465.

Choyamba ndi madzi omwe mwatchulawo. Asafike n'komwe pabwalo. Kumtunda kwake mukumbe ngalande yopingasa yowapatutsira kumbali, ndipo padenga la buloko muikepo magatala. Mukapanda kutero madzi adzalowa kunsi kwa kapeti, adzadya dothi mwakachetechete, tsiku lina mwana adzaponda pobiriwira bwinobwino phazi n'kutitimira. Dzenje lobisika ndi loipa kuposa kangalande komwe ana akukaona pano.

Kenako mumasenda dothi lonse lapamwamba pamodzi ndi mizu, mpaka mutafika polimba. Poti padali dimba, dothi lofewalo likhala lambiri. Mufufuzenso ngati palibe chulu chakale kapena njira za mfuko, chifukwa chiswe pulasitiki sichidya koma chimasiya mphako pansi. Mukatero mumatsendera ndi makina. Zipika zosinjira pansi pa nyumba sizikwanira pamalo aakulu chotere, pamafunika rola kapena kompakita yobwereka. Pansipo pakhale popendekeka pang'ono, sentimita imodzi pa mita iliyonse, kuti kuchokera mbali ina kufika inzake patsike pafupifupi masentimita 20. Diso silingaone koma madzi amaona.

Pamwamba pa katondo timayala chinsalu chotchedwa geotextile, kuti miyala isamire m'matope. Kenako kwale wokhuthala masentimita 15, kumutsendera pang'onopang'ono, pamwamba n'kumalizira ndi fumbi la kwale lothira madzi mpaka pakhale see. Werengerani nokha: masentimita 15 pa masikweya mita 780 ndi makyubiki 117. Ngati tipa ikunyamula 10, ndiye maulendo 12, ndipo mukudziwa momwe mafuta alili. M'mbali monse mumamanga kakhoma ka konkire kogwira miyalayo komanso pomangirira milomo ya kapeti.

Tsopano kapetiyo. Alipo a mitundu yosiyana ndipo apa ndi pomwe anthu amaluzira ndalama. Wa mpira wa miyendo ali ndi ubweya wautali, mamilimita 40 mpaka 60, amathiramo mchenga ndi timibulu ta labala. Ameneyo si wa ntchemberembaye, chifukwa mwana akatera phazi limodzi n'kutembenuka, phazilo limagwira pomwe bondo likuzungulira. Wanu akhale waubweya waufupi, cha m'ma 20 kufika 25, wodzaza mchenga mpaka kutsala nsonga zokha. Mchenga wake ndi wochuluka, kuposa makilogalamu 20 pa sikweya mita, ndiye matumba oposa 300 a makilogalamu 50. Ukhale wotsuka, wosefa, wouma gwa. Wa m'dambo uli ndi dongo, umatseka timabowo totulutsira madzi.

Amabwera m'mipukutu, kawirikawiri ya mamita 4 m'lifupi. Mukamayala mopingasa bwalo mufunika zidutswa 10, ubweya wake wonse utagonera mbali imodzi, apo ayi bwalo limaoneka la mitundu iwiri. Polumikiza mumaika tepi yake kunsi n'kupaka guluu wosakaniza zitini ziwiri. Guluu ameneyu safuna chinyontho. Kwanuko ndi nkhungu ija musayerekeze kumata mu Juni, dikirani Ogasiti kapena Seputembala, mame atauma. Komanso mpukutu ukatambasulidwa uziusiya padzuwa kwa maola angapo usanadule. Ine pantchito yanga yachiwiri ndidafulumira, ndidadula m'mawa kukuzizira, pofika masana kapeti adafutukuka n'kupanga makwinya pakati. Ndidachita kumatula mzere wonse, guluu wina ndidagula ndi ndalama zanga.

Tepi ndi guluu azitumiza pamodzi ndi kapetiyo, kuphatikizapo chidutswa choyera cha mizere ndi china chapadera chodzazigambira.

Wakale wa nambala 6

Ine za kumanga sindiyankhapo, ndinena za thupi. Ndidasewerako mpira wa miyendo m'maligi aang'ono ndili ku Blantyre, ndipo ndidapondapo pa Kamuzu Stadium, pomwe pali kapinga wotereyu. Ku Chiwembe nakonso aliko. Tsiku loyamba ndidakondwa ndithu, mpira umayenda mowongoka, palibe zoti wagunda chibuma n'kukhota.

Koma masana a Okutobala moto umalowa kudzera kunsi kwa jombo. Pulasitiki padzuwa lamphamvu amatha kupitirira madigiri 60, pomwe udzu weniweni pafupi pomwepo uli wozizira bwino. Ife tinkadzithira madzi m'masokosi pa hafu. Tsono funso langa kwa inu mayi, atsikana anuwo amavala chiyani kuphazi? Ngati ambiri amasewera osavala, monga zilili m'masukulu athu akumudzi, muganizire bwino. Kwanuko n'kozizira, zoona, si ngati kwathu ku Golomoti kuno komwe sindingalangize munthu ngakhale pang'ono. Komabe ana amaweruka masana, nthawi yomwe dzuwa lili paliwombo, ndipo kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa ngakhale ku Dedza limawomba.

China ndi kusupuka. Ukagwa mokhwekhwereza khungu limachoka ngati wapsa ndi madzi otentha. Chipsera changa chili pantchafu mpaka lero. Sichingafanane ndi mwala wong'amba bondo, chimenecho ndikuvomera, koma musawauze makolo kuti kuvulala kwatha. Bala lotero lizitsukidwa ndi sopo nthawi yomweyo.

Mayi a pa Dedza boma

Achemwali, ine kapinga wa pulasitikiyu ndili naye kuseri kwa nyumba, kamalo ka mamita 6 ndi 4. Ndimasunga ana aang'ono asanu ndi atatu masana makolo awo akapita kuntchito, ndiye matope adanditopetsa, tsiku lililonse kuchapa. Ndidagula ku Lilongwe, wokongoletsera uja wofewa ngati bulangete. Kwa ana okwawa ndi abwino zedi, sindikudandaula. Mvula ikasiya, pakapita kanthawi pang'ono timawatulutsa, zovala zili mbee.

Koma ndikuuzeni zomwe wogulitsa sadandiuze. Moto ndi mdani wake. Mtsikana wondithandiza adadutsa ndi mbaula, khala limodzi lidagwa, pomwe amati alitole padali patasungunuka bowo lolowa chibakera, m'mbali mwake mwauma ngati pepala la shuga lopsa. Kapinga weniweni akapsa amaphukanso, uyu ayi. Kusukulu kwanuko anyamata osaka mbewa akatentha tchire mu Ogasiti, mphepo ikabweretsa zilangali za moto, mudzatani? Muzilambula kuzungulira chaka chilichonse.

Galu wathu adazolowera kukodza pakona imodzi. Pakatentha fungo lake silipiririka, ndimachita kuthira ndowa zingapo za madzi. Zitosi za nkhuku nazo sizilowa pansi ayi, zimakhala pomwepo kudikira iwe. Masamba a mtengo wa mapeyala ndimasesa m'mawa uliwonse, ndikalekerera amawolera mkati ndipo udzu umamera pamwamba pa pulasitiki, ndidadabwa nditauona koyamba. M'miyezi yozizira, mbali yomwe dzuwa silifika kumachita ndere zoterera.

Pomwe ana amatsikira pakhonde ubweya udagona pasanathe chaka. Amenewo ndi ana a zaka zitatu, osalemera. Ndiye mukawauze alongo anu asatengeke ndi kufewa kapena kutchipa, wa mtundu wangawu atsikana khumi ndi anayi angaumalize teremu imodzi.

Mphunzitsi wa sayansi, Linthipe

Anzanga, ndiloleni ndifunse funso lina: chifukwa chiyani kapinga wa pulasitiki osati weniweni?

Chinthuchi chidatchuka mu 1966 ku Houston, ku America, m'bwalo lofolera la Astrodome. Adapenta mbali ya denga lake loonekera chifukwa kuwala kunkathobwa osewera m'maso, udzu udafa posowa dzuwa, ndiye adayala wopangayu, n'chifukwa chake mpaka lero ena amangoti AstroTurf. Adamupangira malo omwe udzu sungamere, kapena pomwe anthu amasewera usana ndi usiku moti udzu sungapume. Nanga ku Bembeke, komwe mbatata ya kachewere ndi kabichi zimachita kusefukira mumsewu, kapinga angakanike?

Ndikudziwa yankho lake, m'munsi mwa zigoli mumaperepeseka ndipo chilimwe amauma ngati mjigo uli kutali. Komabe kudzala n'kwaulere, ana amabwera ndi mizu kuchokera kwawo.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi mapeto ake. Pabwalo logwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku kapetiyu amatha zaka 8 mpaka 10, dzuwa limafooketsa ulusi wake n'kuyamba kuthothoka. Zikatero mudzakhala ndi pulasitiki wolemera matani, wodzaza mchenga, woti sawola. Anthu adzamuwotcha, utsi wake ana n'kumapuma. Za timibulu ta labala zomwe amisiri atchula, timachokera ku matayala akale ogaya, ndipo mvula imatikokolola kupita kumitsinje. Mu 2023 bungwe la mayiko a ku Ulaya la European Union lidakhazikitsa lamulo loti kuyambira 2031 timibulu totere tisamagulitsidwenso kumeneko. Mwamwayi mtundu womwe akulangizani ndi wa mchenga wokha. Wogulitsa akati muwonjezere labala kuti pafewe, mukane, madzi a pabwalo lanulo akupita kudimba la munthu.

Mphunzitsi wa ku Bembeke

Zikomo nonse, ndawerenga kangapo. Amisiri, dzulo titaweruka ndidabwereka tepi kwa kalipentala, tidayeza ndi atsikana. Bwalo lomwe takhala tikusewerapo zaka zonsezi ndi mamita 27 okha m'litali, ndipo mbali ya kumunsi mzere wathu uli pafupi ndi chigwembe moti mamita atatu owonjezerawo palibe pokhala. Tiyenera kusuntha bwalo lonse kukwera kumtunda, kutanthauza kukumba mbali ina n'kukwirira ina.

Ndidawaimbira alongo anga n'kuwawerengera zonse. Adayamba akhala chete. Kenako adanditumizira chithunzi cha kapeti yemwe adamuona m'sitolo, ndipo ndi wokongoletsera yemwe mayi a pa boma akunena, wautali, wofewa. Mtengo womwe adali nawo m'mutu udali wa ameneyo, pa masikweya mita 465, wopanda guluu, wopanda thiraki, wopanda msonkho wa pachipata, kwale osamutchula n'komwe. Adandifunsa kuti, "Ndiye ukukana?" Mawu awo adali okhumudwa, ndipo ine misozi idalengeza, chifukwa ndikudziwa momwe ndalama imeneyo adaipezera. Ndidawayankha kuti sindikukana, ndikufuna chomwe apereke chidzakhale.

Achimwene a ku Golomoti, mwandigwira pamtima. Mwa atsikana 22 omwe amabwera, a nsapato ndi asanu, ndipo awiri mwa iwo amabwerekana peyala imodzi. Sindidaganizeko zoti bwalo latsopano lingawathamangitse omwe ndimafuna kuwathandiza.

Aphunzitsi anzanga a ku Linthipe, kapinga tidayesa mu 2021. Adamera bwino m'mbali, koma m'mabwalo ogoletsera ndi pakati adatha pofika Juni, ndipo otsalawo mbuzi zidamaliza. Ntchemberembaye imapondaponda malo amodzimodzi. Komabe m'mbali ndi pachigwembe ndidzadzalanso kuti agwire dothi, pamenepo mwandikumbutsa.

Funso langa tsopano: ngati ndalama sizikwana zonse, n'zotheka kuchita za pansizo chaka chino, ana n'kumasewera pomwepo, kapeti n'kudzabwera m'tsogolo?

Wapampando wa komiti, Lizulu

Mayi, ine ndakhala m'komiti ya sukulu zaka zisanu ndi chimodzi, ndiye ndilankhula ngati kholo. Walira mvula walira matope. Bwalo lokongola likangooneka, si la atsikana anu okhanso. Anyamata a m'mudzi adzabwera madzulo ndi jombo za misomali, a njinga zamoto adzadutsapo pofupikitsa njira, a msonkhano adzafuna kukhomapo tenti ndi zikhomo zachitsulo, ndipo wina adzaona kuti kachidutswa kangakome pakhonde pake. Lumo limodzi ndi lokwanira. Popanda mpanda ndi loko musayale. Mpanda wozungulira malo amenewo ndi mamita oposa 115, muuike m'chiwerengero.

Chachiwiri, mukhale pansi ndi amfumu, komiti ndi gulu la amayi musanakumbe ngakhale khasu limodzi. Mulembe kuti adzasesa ndani, adzasunga kiyi ndani, nanga inu akadzakusamutsani bwalolo lidzatsala m'manja mwa yani. Kwathu kuno munthu wina wakufuna kwabwino adatipatsa thanki ya madzi, tidavina tsiku lolandira, koma mpopi utathyoka aliyense ankati ndi za aphunzitsi aakulu, iwo n'kumati ndi za komiti. Idakhala chaka osagwira ntchito chifukwa cha kachitsulo kakang'ono.

Ndalama za SIG, zija boma limapereka zotukulira sukulu, musaziwerengere, zimathera choko, mabuku ndi zimbudzi. Komanso chilichonse chochokera kunja mtengo wake suima. Mukukumbukira mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, zinthu zidakwera usiku umodzi. Kapeti wolowa m'malo zaka khumi zikubwerazi adzagula ndani? Muwafunse makolo funso limeneli poyera.

Mmisiri wa ku Ntcheu

Aphunzitsi, n'zotheka, ndipo ndikadakhala ine ndikadatero. Palibe chomwe mungataye, chifukwa ngalande, kusalaza, kwale ndi kakhoma zimafunika kaya pamwamba mudzaika kapeti, konkire kapena phula. Fumbi la kwale lotsenderedwa bwino ana akhoza kusewerapo, silichita matope, lilibe miyala yosongoka ngati mwasefa. Limakanda akagwa, koma siling'amba. Chaka chilichonse mvula ikatha muziwonjezera mawilibala angapo n'kutsenderanso.

Ubwino wina ndi wakuti dzinja limodzi lidzakuuzani zoona. Mbali yomwe mukwirireyo idzatsika ndithu ngakhale mutsendere chotani, bola itsike kapeti asanabwere. Mvula ikagwa mupite ndi ambulera mukaone pomwe madzi akuima, muzikhoma kamtengo pamenepo. Pokwirira musathire dothi lonse nthawi imodzi, masentimita 15 n'kutsendera, ena 15 n'kutsendera, ndipo dothi lakuda la dimba lisalowemo.

Mabwalo ambiri a ntchemberembaye a panja ndi a konkire kapena phula, ndipo mpira umadunda bwino pamenepo. Konkire amakhalitsa kuposa kapeti, saopa moto kapena lumo, koma ndi wouma ku mawondo ndipo simenti yake ndi yambiri. Mudzasankhe mukaona ndalama zotsala. Za levulo musavutike kufuna makina, payipi yoonekera mkati ya mamita 20 yothira madzi, zikhomo ndi chingwe n'zokwanira. Mukakonzeka mundiuze, ndikhoza kukwera minibasi Loweruka lina kudzakuikirani zikhomo, mudzangondibwezera thiransipoti.

Mphunzitsi wa ku Bembeke

Ndabweranso patatha masabata atatu. Tidakhala pansi monga adanenera a wapampando, amfumu adabwera okha osatuma nthumwi. Aphunzitsi aakulu poyamba sadakondwe, adati tikugula vuto pomwe munthu watipatsa mphatso, koma atamva za matipa 12 ndi mpanda adavomera kuti tiyambire pansi. Mfundo ya nsapato ndi yomwe idatembenuza amayi. Mmodzi adaimirira n'kunena kuti mwana wake asadzachotsedwe mutimu chifukwa choti kwawo kulibe ndalama ya nsapato.

Tagwirizana chonchi. Midzi itatu yozungulira ikumba ngalande ndi kusenda dothi ngati ntchito ya chitukuko. Alongo anga alipira kwale, tipa, kompakita, simenti ya kakhoma ndi magatala, ndipo adzatumiza mapeyala 22 a nsapato pa thiraki yomwe ikadanyamula kapeti ija. Ndalama yotsala ibwerera ku nyumba yawo. Za kapeti sitidatseke, iwo akuti akafunsa mtengo wa waufupi wa mchenga uja kuti tidziwe, tidzakambirana mu Epulo tikaona momwe pansipo padutsira dzinja. Ineyo ndikumufunabe, sindibisa. Ndikaganiza atsikana anga akusewera mu Febuluwale mvula itangosiya, mtima umalakalaka.

Loweruka lapitali tidayamba ngalande ya kumtunda. Mayi a mtsikana wanga wogoletsa adabwera ndi khasu lawo. Sitidakambe za mwana, ndipo sindidafune kuwakakamiza, koma pobalalika adandifunsa ngati miyala yonse ichokedi. Ndidawaonetsa mulu womwe ana adatola, wofika m'chiuno.

Amisiri, takumana ndi vuto limodzi. Pakona ya kumtunda, mbali ya kuzimbudzi, tapeza thanthwe lalikulu pansi pa dothi, masentimita 30 okha kuchokera pamwamba, ndipo ngalande iyenera kudutsa pomwepo. Abambo ena akuti tisonkhepo moto n'kuthira madzi kuti lisweke, ena akuti tingoikhotetsa ngalandeyo. Tikaikhotetsa, madzi sadzasefukira pokhotapo n'kubwereranso pabwalo? Ngati Loweruka la mawa lino muli ndi mpata, mutsikire pa Bembeke pamsewu wa M1, mwana wa sitandade 8 adzakudikirani ndi njinga. Payipi yoonekera ija tagula kale.